Tomezo, wothira malasha mu Kogarashi

Urakawa Tomezo anabadwira pa kachilumba ka malasha kufupi ndi Nagasaki, m'banja limene mwamuna aliyense ankalowa pansi. Agogo ake anafera mumgodi. Bambo ake anatulukamo ndi chifuwa chimene chinawadya pang'onopang'ono, ndipo akulu ake awiri anali akukwawa kale m'mauna a pansi pa nyanja iye asanamere ndevu. Iye anali mzime. Anakulira mbatata, m'mawa mbatata, madzulo mbatata, ndipo atamva kuti asilikali a pamadzi amadya mpunga tsiku lililonse, anakwera boti n'kupita ku Sasebo kukalembetsa. Anawauza amayi ake kuti malasha amukwana, akufuna akaoneko dzuwa.

Ku Sasebo wolemba anamuyang'ana m'manja n'kumufunsa kwawo. Atangotchula chilumbacho, munthuyo sanafunsenso china. Anamupatsa fosholo.

Zaka zoyamba anathira malasha m'sitima yakale yonyamula katundu wa asilikali, ndipo m'menemo ndi mmene anadziwana ndi Jinpei. Jinpei anali wa m'tauni ya Sasebo momwemo, wamfupi, wa mapewa ngati mtondo, wa pakamwa posatseka. Tomezo anali wamtali, wowonda, wosayankhulayankhula, moti anzawo ankadabwa kuti awiriwa amakambirana chiyani. Zoona zake n'zakuti sankakambirana. Jinpei ankayankhula, Tomezo ankamvera, ndipo onse ankakhutira nazo.

Tsiku lina lopuma Jinpei anamutengera kwawo. Amayi ake, mayi Fusa, anali wamasiye wogulitsa nsomba zouma pamsika wa kudoko, ndipo ankathandizidwa ndi mwana wawo wamkazi, Shige. Tomezo anadya osadzutsa mutu. Ulendo wachiwiri anakonza denga limene linkadontha. Chaka chisanathe anakwatira Shige n'kulowa m'nyumba ya apongozi ake, poti kwawo kunalibe koti n'kutengerako mkazi.

"Alamu, mlongo wangayu ndakupatsani chifukwa cha chisoni," anatero Jinpei paukwatipo, mowa wa mpunga utamufika m'maso. "Taonani manja anuwo, ngati timitengo todyera mpunga. Tsiku lina fosholo idzakunyamulani n'kukuponyani m'ng'anjo."

Mayi Fusa anamumenya ndi chikupizo pamutu, koma nawonso ankaseka. Mkamwini wawoyo ankamukonda. Pogawa nsomba ankamusankhira ya mafuta.

M'chaka cha 1900 onse awiri anawasamutsira ku sitima yatsopano imene boma linagula ku Mangalande. Anaitcha Kogarashi, dzina la mphepo yozizira imene imayoyola masamba. Tomezo ataiona padoko sanakhulupirire kuti n'chinthu choyenda panyanja yaikulu. Inali yaitali, yowonda ngati mpeni wotumbulira nsomba, yomira m'madzi moti munthu woima pamwamba pake akanatha kutunga ndi ndowa yopanda chingwe. Machumuni anayi anandandalika pamsana pake. Kutsogolo kwake kunali kokhota ngati chigoba cha kamba, akuti n'cholinga choti mafunde azitsetsereka, koma panyanja yolusa mphuno imeneyo inkangoboola funde n'kulikhuthulira pa aliyense amene anali pamwamba.

Mkulu wa othira malasha anali Kanematsu, bambo wa imvi zam'mbali amene anali m'gulu lokatenga sitimayo kwa Azungu. Tsiku loyamba anasonkhanitsa anthu ake n'kuwauza chimene akwera.

"Zinayamba ndi mantha a akuluakulu," anatero. "Sitima yaikulu ya nkhondo imamangidwa zaka, imadya chuma cha dziko lonse. Ndiye kunabwera timaboti tating'ono tonyamula bomba losambira lokha pansi pa madzi. Kaboti kamodzi, anthu owerengeka, kangathe kuboola mimba ya chimphona chija n'kuthawa. Azungu tulo tinawathera. Anati timange mlenje wa timaboti timeneti, wothamanga kuposa ito, wa mizinga yopepuka. Ndi ameneyu mwakwerayu. Kenaka anaona kuti mlenjeyo angathenso kunyamula mabomba omwewo, ndiye anamusenzetsa ntchito zonse ziwiri."

Jinpei anagogoda khoma la sitimayo ndi chala, ndipo linalira ngati chitini.

"Akulu, mwaonetsetsa kuti Azunguwo anamaliza kumanga? Mphika wa amayi anga ndi wochindikala kuposa ichi."

"Wofuna liwiro amavula zolemera," anayankha Kanematsu. "Sitima ino ilibe chishango. Ili ndi miyendo basi, ndipo miyendoyo ndinu. Mukadzatopa, tonse tidzadyedwa ndi nkhanu."

M'mimba mwa Kogarashi malo abwino onse anatengedwa ndi injini ndi ng'anjo. Anthu ankagona m'timalo totsalira, mothithikana, pansi pa denga lachitsulo limene linkadontha ngakhale kunja kuli dzuwa, moti zofunda sizinkauma. Zipinda za ng'anjo zinali ziwiri, cha kutsogolo ndi cha kumbuyo. Chilichonse chinali ndi makwerero akeake otulukira pamwamba, ndipo pakati pa ziwirizo panali khoma lachitsulo lokhala ndi kachitseko kamodzi kodutsa chowerama, kotsekedwa ndi mpiringidzo umene munthu ankatha kuupotokola ali mbali iliyonse. Kaputeni akafuna liwiro, zitseko zonse zinkatsekedwa kuti ndi, ndipo zikupizo zinkapopera mphepo m'zipindamo kuti moto ulusirepo. Makutu ankatseka, fumbi la malasha linkalowa m'mano, ndipo sitima yonse inkanjenjemera ngati munthu wa malungo. Tomezo anamuika kumbuyo, Jinpei kutsogolo.

Zaka za mtendere zinadutsa m'kuyeserera. Shige anapita padera kawiri, ndipo ulendo wachiwiri Tomezo anali panyanja. Atabwera anakhala pambali pa mkazi wake tsiku lathunthu osapeza mawu, mpaka Jinpei analowa ndi nthabwala zake, Shige n'kuseka koyamba.

Nkhondo ndi Arasha inayamba m'nyengo yozizira ya 1904. Kogarashi anaitumiza kukalondera pakhomo pa doko la Ryojun, kumene sitima za adani zinabisala pansi pa mizinga ya m'mapiri. Ntchito yake inali yongozungulira, sabata ndi sabata, panyanja yotuwa yosapuma. Pamwamba madzi ankaundana pazingwe, anthu zala n'kumawola ndi chisanu. Pansi othira malasha ankagwira ntchito atavula, atangomanga kansalu m'chiuno, ndipo akatuluka thukuta linkawaumira pamsana. Madzi osamba kunalibe. Mpunga unkafika wozizira, wa mchere wa m'nyanja. Ena mano anayamba kugwedera.

"Alamu, mpunga munkaufuna uja ndi umenewu," ankatero Jinpei akakumana posinthana. "Idyani, musachite manyazi."

M'mawa wina nkhungu itayamba kuyera, Kogarashi inapezeka maso ndi maso ndi sitima ziwiri za Arasha za mtundu wake womwewo, pafupi ndi gombe. A pansi sanaone chilichonse. Anangomva belu likuitanitsa liwiro lonse, zitseko zikutsekedwa, kenaka mizinga ya pamwamba ikuyamba kukhosomola. Tomezo ankathira, mnzake n'kutseka chitseko cha ng'anjo, kutsegula, kuthira, kutseka. Kanematsu anaima pakati maso ali pa geji yosonyeza mphamvu ya nthunzi. Posakhalitsa kunayamba kumveka mawu ena akuya, ogwedeza madzi pansi pa mapazi awo, ndipo onse anadziwa kuti mizinga ya m'mapiri yawapeza.

Chinthu chinamenya sitimayo kutsogolo kwawo, onse n'kugwa. Nyale zinazima, kuwala kunatsala kwa moto wa m'ng'anjo. Ndiye kuseri kwa khoma kunayamba kulira mluzu waukulu wosalekeza, ndipo muvi wa pa geji unayamba kutsika.

Kanematsu anakhudza khomalo n'kubweza dzanja msanga.

"Paipi ya nthunzi yaduka kutsogoloko. Ndikukatseka nthunziyo pamwamba. Urakawa, ima pa chitseko icho. Chisatseguke."

"Akulu, muli anthu."

"Ali ndi makwerero awo. Chikatseguka ichi nthunzi ilowa muno, tipsa tonse, moto uzima, sitima iima pansi pa mizinga. Wamva? Enanu thirani."

Anakwera n'kuzimiririka. Chimene Kanematsu sankadziwa n'chakuti bomba lomwelo linali litapinda chitseko cha pamwamba pa makwerero a kutsogolo. Anthu anayi a m'chipindacho analibe potulukira pena.

Tomezo anangofika pa kachitseko kaja mpiringidzo ukuyamba kutembenuka wokha. Anaugwira. Unali wotentha, ndipo wina kuseriko ankaupotokola ndi mphamvu zake zonse. Tomezo anatsamiza phewa, anapondera phazi pachitsulo, n'kuubweza. Kuseriko anayamba kumenya chitseko ndi fosholo. Chitsulocho chinali chopyapyala moti kumenya kulikonse ankakumva m'mafupa, ndipo pakati pa mluzu uja ankamva mawu a anthu, koma osazindikira kuti ndi a yani. Anayang'ana kumbuyo. Anzake asanu ankathira malasha mitu ili pansi, ndipo palibe amene anamuyang'ana. Mpiringidzo unakokedwanso, unamugonjetsa pang'ono, nthunzi yoyera inatuluka m'mphepete n'kumuwaula mkono. Anaubwezanso. Khungu la m'manja mwake linamatirira pachitsulo, koma sanasiye. Kukoka kuja kunayamba kufooka, kunabweranso kamodzi, kenaka kunaleka. Patapita kanthawi mluzu nawo unaleka.

Sitimayo inatuluka pansi pa mizinga ndi ng'anjo za kumbuyo zokha. Atatsegula kachitseko kaja anapeza awiri atafera pamakwerero, wina pakona atabisa nkhope m'malasha. Jinpei anali pa chitseko pomwepo, akupumabe. Pomunyamula, khungu la m'mikono yake linkatsalira m'manja mwa omunyamulawo.

Anamugoneka pa tebulo lodyera akuluakulu, poti m'sitimamo munalibe dokotala kapena malo a odwala. Maso ake anali atatupa osaona. Tomezo anakhala pambali n'kumamudonthezera madzi pamilomo ndi kansalu. Dzuwa litapendeka Jinpei anayankhula, mawu akutuluka ngati mpweya wa m'bango.

"Alamu."

"Ndili pano."

"Munali inu pa chitseko paja?"

Tomezo anaviikanso kansalu kaja m'madzi. "Ndinali ine."

Milomo ya Jinpei inagwedezeka. "Ine kumati mulibe mphamvu," anatero. Sanayankhulenso. Anamwalira dzuwa lisanalowe, ndipo Tomezo sanadziwe mpaka kufa kwake ngati mawu amenewo anali nthabwala kapena mlandu.

Mitembo anakaiwotchera pa kachilumba kena kumene sitima zinkakatenga malasha, phulusa n'kulitumiza kwawo. Kogarashi anaiika chigamba, anabweretsa anthu ena anayi, n'kuibwezera kolondera. Manja a Tomezo anapola mokhwinyata, zala ziwiri osatambasukanso, koma fosholo ankaigwira. Anakhalamo mpaka nkhondo inatha chaka chotsatira.

Akulowa padoko la Sasebo, mbendera zili petupetu m'misewu, Kanematsu anamukokera pambali.

"Ukafika kunyumba ukanene kuti anafa nthawi yomweyo, sanamve kanthu. Ndi zimene timanena tonse. Usakachite zanzeru."

Tomezo anayesa. Mayi Fusa anamulandira ndi misozi, anamugwira manja opserera aja n'kuwaika pamphumi pawo. Madzulo anamukhazika patsogolo pa kaguwa ka makolo, pamene panali dzina la Jinpei ndi zofukiza, n'kumufunsa. Iye ananena mawu a Kanematsu. Iwo anagwedeza mutu. M'mawa mwake anafunsanso. Anali kuti? Iwe unali kuti? Nanga manjawa unapsa bwanji ngati unali chipinda china? Tsiku ndi tsiku ankabwerera pomwepo mofatsa, ngati munthu wotola minga m'nsomba, ndipo Tomezo sanali munthu wodziwa kuluka nkhani. Tsiku lina pa chakudya anaika mbale pansi n'kunena zonse, kuyambira pa mpiringidzo mpaka pa mawu omaliza.

Mayi Fusa anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalire. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Shige, tenga mbale ya munthuyu ukaiike panja."

Shige anamupeza kuseri kwa nyumba atakhala pa mulu wa nkhuni.

"Mukanangonama, bambo. Bodza lake linali laling'ono."

"Amandifunsa."

"Amafunsa kuti muwanamize. Inunso simuona?" Anapukuta maso ndi mkono wa chovala. "Nanga ine ndizikuyang'anani bwanji manjawo?"

Tomezo anatuluka m'nyumbamo sabata yomweyo. Usilikali anausiya, poti khutu limodzi linali litagontha ndipo chifuwa chinali chitayamba. Anapeza ntchito panyumba yosambiramo anthu kumtunda kwa tauni, yosonkhezera moto wotenthetsa madzi, ndipo mwini wake anamupatsa kachipinda kuseri, pafupi ndi ng'anjo. Shige anatsala ndi amayi ake. Sakanawasiya okha, mwana wina atapita kale. Ukwati sunathe, koma sunalinso ukwati. Masiku ena Shige ankabwera ndi mpunga wokulunga m'nsalu ndi kansomba, n'kukhala pakhomo pa kachipindako akumuonerera akudya. Ankakamba za mitengo ya nsomba, za denga limene layambanso kudontha. Dzina la Jinpei sankalitchula. Mayi Fusa ankadziwa kumene mwana wawo amapita, ndipo sankafunsa.

Anthu a m'deralo ankamudziwa kuti ndi bambo wa kung'anjo, wogontha uja. Madzi ake ankayamikiridwa. Pa zikondwerero zokumbukira kupambana pankhondo ankamuitana kuti akaime ndi anzake akale, iye n'kumati moto ulibe womusiyira.

Patapita zaka Kanematsu anatulukira, atakalamba, akununkha mowa masana. Anakhala pa chitsa n'kuyang'ana moto.

"Kogarashi aichotsa pantchito," anafuula kukhutu lakumva lija. "Akuti yakalamba. Zatsopanozi n'zazikulu kawiri, zina zikumwa mafuta, fosholo sizikuidziwa n'komwe. Yathu ija aikokera panyanja kuti anyamata aphunzirirepo kuwombera. Upita kukaona akuikoka?"

"Ayi."

"Inenso ayi." Anatembenukira kwa Tomezo. "Ndinamva za kunyumba kwako. Ndinakuuza, koma iwe mutu ngati mwala. Ndipita ndikawauze mayiwo kuti ndinalamula ndine."

Anapitadi, atavala bwino, asanamwe. Mayi Fusa anamulandira mwaulemu, anamuthirira tiyi, ndipo anamvetsera pamene iye ankafotokoza za nthunzi, za mizinga, za anthu makumi asanu amene akanamira chitseko chija chikanatseguka. Atamaliza, iwo anati, "Ndamva, bambo, ndipo ndikukhulupirira. Inu munachita ntchito yanu. Koma inu simunali mlamu wake. Simunadye m'nyumba muno." Anamuperekeza mpaka pachipata.

Mayi Fusa anakhala ndi moyo zaka zoposa khumi nkhondo itatha. Chakumapeto maso anachita khungu, miyendo inafa, ndipo Shige ankawanyamula ngati mwana. Tomezo ankabwera kudzawaza nkhuni ndi kukonza denga, koma ankagwira ntchito mwakachetechete n'kuchoka osalowa. Tsiku lina ali padenga anatsokomola, ndipo anamva mawu a nkhalambayo m'katimo: "Ndani ali pamwambapo?" Shige anayankha kuti ndi mmisiri. "Umuuze mmisiriyo kuti chifuwa chimenecho apite nacho kwa dokotala," anatero mayiwo. Mawu amenewo ndi okhawo amene anamunenera m'zaka zonsezo.

Mayi Fusa atamwalira, Tomezo anasenza ndowa ziwiri za madzi otentha kuchokera kung'anjo kwake, kutsika nazo phiri lonse, kuti asambitsire mtembo. Anazisiya pakhomo. Shige anazilowetsa.

Maliro atatha Shige anatseka nyumba ya amayi ake n'kusamukira m'kachipinda ka kuseri kwa ng'anjo. Onse anali ndi imvi, ndipo za ana panalibenso zokamba. Anakhala limodzi nyengo zozizira zitatu. Panthawiyo Tomezo ankalavula zakuda zosakanikirana ndi magazi, ndipo masiku amene ankalephera kudzuka Shige ndi amene ankasonkhezera moto kuti mwini nyumba asawathamangitse. Madzulo ankamupaka mafuta m'manja okhwinyata aja, chala ndi chala. Tsiku lina akumupaka choncho, Tomezo anafunsa ngati iye akanatsegula, akanakhala kuti ndi amene anali pa chitseko paja.

Shige anapitiriza kupaka. "Ndikanatsegula," anatero. "Ndipo tikanafa tonse. Bweretsani dzanja linalo."

Tomezo anamwalira kumayambiriro kwa dzinja, masana, madzi a anthu ali pamoto. Pamaliro panabwera mwini nyumba yosambiramo, anansi ochepa, ndi awiri mwa anthu asanu aja amene ankathira malasha kumbuyo kwake tsiku lija. Kanematsu anali atatsogola kale.

Shige ananyamula phulusa la mwamuna wake kupita nalo kumanda a banja lawo, paphiri loyang'ana kudoko, pamene panagona amayi ake ndi Jinpei. Amalume ake, mlongo wa mayi Fusa, anamutsekereza pachipata cha kachisi.

"Mwana iwe, mayi ako sakanalola zimenezi. Munthu ameneyu anamutulutsa m'nyumba."

"Ndikudziwa, amalume. Ndinatulutsa mbale yake ndine."

"Ndiye ukufuna akagone pambali pa amene anamutsekera?"

"Akakambirane okha komweko," anatero Shige. "Ine ndatopa kuyenda pakati pawo."

Nkhalambayo inayang'ana wansembe, wansembe anayang'ana pansi, ndipo pamapeto pake mwala wotseka mandawo unasunthidwa, phulusa lija n'kulowa. Shige anabwerera kumsika wa kudoko, pa benchi ya amayi ake, ndipo anagulitsa nsomba zouma mpaka miyendo inamukanika.